Wotchi yagolide ya ku France yomwe mwagula ku car boot, musaikweche kaye

Mayi wina wa ku Nottingham watilembera motere: "Lamulungu lapitali ndinagula wotchi ku car boot sale (msika uja anthu amagulitsa katundu wakale kuchokera m'mabuti a magalimoto awo), ya mtundu uja azungu amaika pashelefu pamwamba pa malo osonkha moto. Ndi yolemera ndithu, yooneka ngati golide koma m'makonamu yada bii, pamwamba pali chifanizo cha mzimayi atakhala akuwerenga buku, pansi pali mwala woyera. Ndikatsegula kachitseko kakumbuyo pali chidindo chozungulira cholembedwa Japy Frères ndi 1855. Ndikaiwayinda imayenda mphindi zochepa kenako zii, ndipo ikati ilire imalira zosokoneza, 3 koloko imalira ka 7. Bambo akunyumba akuti tiikweche ndi Brasso, m'katimo tipopere WD-40. Kodi ndi golide weniweni kapena ndapusitsidwa? Komanso ndikufuna kupita nayo kumudzi ku Zomba mu December, zitheka?"

Mayi, khazikani mtima pansi, simunapusitsidwe. Zomwe mwafotokozazi ndi matenda a tsiku ndi tsiku a mawotchi amenewa, ambiri amene amafika pa tebulo langa amabwera ndi madandaulo omwewa, kuima ndi kulira zosokoneza, ndipo zonse ziwirizi zimakonzeka. Chimene sichikonzeka ndi chija akufuna kuchita bambowo. Ndiye musanawerenge n'komwe zotsatirazi, kachitini ka Brasso kaja kabiseni, WD-40 nayenso abwerere ku galimoto komwe amakhala.

Ndikudziwa komwe maganizo amenewo akuchokera. Ife tinakula tikukwecha mapoto ndi phulusa ndi mchenga mpaka aziwala waliwali, chinthu chakuda kwa ife ndi chinthu cha munthu waulesi. Koma poto ndi chitsulo chimodzi kuyambira kunja mpaka m'kati, ukachikwecha umangofika pa chitsulo chomwecho. Wotchi yanuyi ayi. Ngati ndi ya mtundu wabwino uja, thupi lake ndi bronze, mkuwa wosakaniza ndi zitsulo zina, ndipo golide ali pamwamba pokha, wopyapyala kwambiri moti simungamuyeze ndi maso. Golideyo ndi weniweni, koma musaganize zoti mukamusungunule mukagulitse, n'zochepa zedi. Mtengo wake uli pa ntchito imene inagwiridwa pomuikapo.

Kalelo ku Paris ankachita chonchi. Wina ankaumba chifanizocho, wina n'kuthira bronze wosungunula m'chikombole, kenako pankabwera mmisiri wa tizisulo ting'onoting'ono amene ankagogoda tsitsi limodzilimodzi, makwinya a nsalu, timitsempha ta masamba. Akatha iyeyo ndiye pankabwera wopaka golide. Ameneyu ankasakaniza golide ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chooneka ngati siliva, n'kukhala ngati phala lolimba, n'kupaka pa bronze paja ndi burashi ya waya, kenako n'kuika pamoto. Mercury ankauluka ngati nthunzi, golide n'kutsala atagwirana ndi bronze. Nthunzi imeneyo ndi poizoni woopsa, amisiri ankayamba kunjenjemera manja, mano kuguluka, mutu kusokonekera, ambiri ankafa akadali ndi mphamvu zawo. Mmodzi mwa eni mashopu akuluakulu a bronze, André-Antoine Ravrio, pomwalira mu 1814 anasiya ma franc 3,000 kuti apatsidwe kwa aliyense amene apeze njira yotetezera anthuwa, ndipo mu 1818 ndalamayo inapita kwa katswiri wa mankhwala Jean-Pierre-Joseph d'Arcet amene anakonza ng'anjo yokhala ndi chumuni chokoka nthunziyo. Kenako kunabwera njira ya magetsi. A Elkington a ku Birmingham analembetsa njira yawo mu 1840, kampani ya Christofle ku Paris n'kugula ufulu woigwiritsa ntchito mu 1842, ndipo kuyambira pamenepo golide wambiri anayamba kupakidwa mwa kuviika m'madzi a mankhwala odutsamo magetsi. Wa magetsiyu kawirikawiri amakhala wopyapyala kuposa wa pamoto uja. Paja wina angaope kuti ndiye kuti muli poizoni m'nyumba, ayi, kuigwira wotchi yotereyi palibe vuto, bola osaiotcha kapena kuipala ndi makina.

Tsopano tayang'anitsitsani chifanizo cha mzimayi uja pafupi ndi windo masana. Ngati ntchito yake ndi yabwino muona kuti golide wake si wofanana paliponse. Pankhope, m'manja, pa nsalu amaoneka wozizira, wosanyezimira, pomwe m'mphepete mwa chovala, pa timizere ndi timikanda akuwala ngati galasi. Zimenezo anachita dala. Malo owalawo ankawatikita ndi kamwala kosalala kolimba, enawo n'kuwasiya choncho, ndipo kusiyana kumeneko ndi komwe anthu odziwa amalipira ndalama. Brasso ali ndi timchenga tosaoneka topala chitsulo, komanso ammonia. Mukangopaka, malo ozizira aja amayamba kuwala ngati owala aja, zonse n'kufanana, kenako pamphuno, pamabondo, pansonga za zala golide amatheratu n'kuyamba kuoneka bronze wofiirira, m'makona n'kutsala zoyera zouma za polishi. Ndaonapo zambiri zotere, mwini wake akubwera monyadira kuti ndaitsuka bwino, ine mtima ukuwawa. Kupakanso golide watsopano kumatheka koma n'kodula, ndipo ogula zinthu zakale akaona kuti ndi wopakidwanso amatsitsa mtengo. Viniga, mandimu, soda, sitiliwulu, mankhwala otsukira mano, zonsezi zili gulu limodzi ndi Brasso.

Za 1855 zija, pepani ndikukhumudwitsani pang'ono, si chaka chimene wotchiyo inapangidwa. Ndi chaka chimene kampani ya Japy Frères inalandira mendulo pa chionetsero chachikulu cha ku Paris, ndipo anapitiriza kudinda chidindo chimenecho pa makina awo kwa zaka zambiri pambuyo pake ngati njira yotsatsira malonda. Ndiye chimene chidindocho chikutiuza n'chakuti makinawo sangakhale akale kuposa 1855, basi. Anzawo ankachitanso chimodzimodzi, mukaona Samuel Marti ndi mendulo ya golide ya 1900 dziwani kuti ndi ya 1900 kapena pambuyo pake. A Japy anali ku Beaucourt, kum'mawa kwa France kufupi ndi malire a Switzerland, ndipo ankapanga makina ozungulirawa ochuluka zedi n'kumagulitsa kwa amisiri a ku Paris amene ankawamalizitsa ndi kuwalowetsa m'matupi a bronze opangidwa ndi anthu enanso. N'chifukwa chake dzina limene lingakhale pankhope ya wotchi kutsogolo nthawi zambiri limakhala la sitolo imene inagulitsa, osati la wopanga. Yanuyi ine ndikuiika mu nthawi ya Napoleon III, amene analamula France ngati mfumu kuyambira 1852 mpaka 1870, kapena zaka zotsatira mpaka cha m'ma 1900. Anthu a nthawi imeneyo ankakonda kukopera masitayilo a makolo awo, a Louis XV, a Louis XVI, a nthawi ya Napoleon woyamba, ndiye maonekedwe okha asakunamizeni kuti ndi ya m'ma 1700. Zakale zenizenizo, za m'manja mwa amisiri otchuka a bronze ngati Pierre-Philippe Thomire kapena Claude Galle, pendulamu yake, chitsulo chija chimagwedezeka uku ndi uku m'kati, imalendewera pa ulusi wa silika. Ulusiwo unayamba kusiyidwa cha m'ma 1850, m'malo mwake n'kubwera kachitsulo kopyapyala kofewa ngati sipuling'i. Mukaona kabowo kakang'ono pamwamba pa 12 kokhala ndi kamutu ka makona anayi, imeneyo ndi njira ya Brocot yosinthira liwiro, ndipo ndi chizindikiro chinanso choti wotchiyo ndi ya theka lachiwiri la zaka za m'ma 1800.

Funso lalikulu pa nkhani ya ndalama ndi lakuti thupilo ndi bronze kapena zinki. Nthawi yomweyo imene a Japy ankatulutsa makina ambirimbiri, mafakitale ankaumbanso matupi a zinki, amene Angelezi amati spelter, n'kuwapaka utoto wa golide kuti anthu wamba nawonso akhale ndi wotchi yapamwamba pa shelefu. Kulemera kokha sikungakuuzeni chifukwa mwala uli pansiwo ndi wolemera kale. Chitani chonchi, mukachotsa pendulamu, yang'anani kunsi kapena m'kati mwa thupilo pamalo oti munthu sangaone, mukande pang'ono kwambiri ndi nsonga ya singano. Pakatuluka chikasu ndi bronze, pakatuluka zotuwa ngati siliva ndi zinki. Zinki amaonekeranso pa ntchito yake, tsitsi limakhala ngati losungunuka, zala zogwirana, mzere wa chikombole umaoneka m'mbali, nthawi zina pamakhala timatuza. Ndipo ndi wosachedwa kuthyoka, dzanja la chifanizo likapindika musayese kuliwongola, limangoti thyo, kuwotcherera kwake n'kovutanso chifukwa amasungunuka msanga.

Muli kumbuyo komweko onaninso manambala. Pa mbale ya makina pamakhala nambala ya madijiti atatu kapena anayi, ndipo nambala yomweyo imayenera kupezeka pa pendulamu, nthawi zina ndi pa kachitseko. Zikafanana ndiye kuti zinachokera limodzi ku fakitale, nkhani yabwino. Cha m'munsi mumakhalanso timanambala tiwiri totalikirana, mwachitsanzo 4 ndi 8, timeneti tikunena kutalika kwa pendulamu m'miyezo yakale ya ku France, yoyamba ndi ya mamilimita pafupifupi 27 iliyonse, yachiwiri mamilimita awiri ndi kachidutswa. Za ku car boot zambiri zimakhala ndi pendulamu yongotola, wogulitsa anangopeza ina m'bokosi n'kukoleka, ndipo ikakhala yotalika kapena yofupika wotchi singasunge nthawi ngakhale mutaipempherera.

Tibwere pa kuima kuja. Wotchi imene imayenda mphindi zochepa n'kuima, choyamba chimene ndimakayikira ndi kakhalidwe kake, osati kuwonongeka. Iikeni pamalo olimba osagwedera, zimitsani TV, mukankhe pendulamu pang'ono ndi chala kenako mumvetsere. Yabwinobwino imati thi... tha... thi... tha, mipata yofanana. Ikamati thitha... thitha... ngati ikutsimphina, iima basi, ngakhale makina ali abwino. Yesani kulowetsa kakhadi kopinda kapena kandalama kachitsulo kunsi mbali imodzi, kukaipiraipira sinthani muike mbali inayo. Phokoso likafanana n'kuyenda usiku wonse ndiye kuti vuto mwalipeza. Makina a ku France ozungulirawa amagwidwa ndi timalamba tiwiri tachitsulo tomangidwa ndi masikuluwu awiri kumbuyo, ndipo paulendo amatha kupotoloka pang'ono m'thupimo, taonani ngati 12 ali pamwamba penipeni. Mmisiri amamasula masikuluwuwo pang'ono n'kupotoza nkhopeyo kachidutswa kochepa zedi mpaka phokoso lifanane. Onaninso ngati ndodo ya pendulamu yalowa m'kafoloko kamene kamaikankha, ngati sikukhudza belu, ngati kachitsulo kopyapyala kapamwamba kaja sikanapindike kapena kung'ambika, komanso ngati mivi iwiriyo sikukolana kapena kukhula galasi.

Zonsezi zikakhala bwino koma ikuimabe, ndiye ndi mafuta. Mafuta akale amauma n'kusanduka zomata zobiriwira, akasakanikirana ndi fumbi amayamba kudya timabowo momwe mumazungulira nsonga za magiya. Anthu amakonda kunena kuti "inawayindidwa mopitirira", zimenezo kulibe, sipuling'i imangokhala yodzadza chifukwa makinawo akulephera kuyenda kuti aimasule. WD-40 angaiyendetse sabata imodzi kapena ziwiri, mukondwa, koma amalowa paliponse ngakhale m'mano a magiya momwe simufunika mafuta, amakoka fumbi, kenako amauma, ndipo mmisiri akadzamva fungo lake bilu imakwera chifukwa ntchito yotsuka yawonjezeka. Mafuta ophikira ndi a mashini osokera nawonso ayi. Kukonza koyenera n'kumasula makina onse chimodzichimodzi, kutsuka, kukonza timabowo todyeka, kenako kudontheza mafuta a wotchi kadontho kochepa m'malo ake okha. Apa ndiye ndikupemphani kuti bambowo asayese, ngakhale atakhala kuti injini ya galimoto amaitsitsa okha. M'katimo muli masipuling'i awiri amphamvu, ukamasula mbale usanawaphwetse magiya amauluka, mano kuthyoka, zala kuchekeka. Komanso nsonga za magiya a ku France n'zoonda ndi zolimba kwambiri moti sizipindika, zimangoduka.

Kulira ka 7 pa 3 koloko ndiye kosavuta kwenikweni. Yang'anani kumbuyo, mwina kuseri kwa belu, muona gudumu lathyathyathya lokhala ndi mipata m'mphepete yotalikirana mosiyanasiyana, ndi kachitsulo kogonera pamwamba pake. Gudumu limenelo ndi limene limawerenga kuti belu lilire kangati, ndipo silidziwa kuti mivi ili pati, limangotsata mndandanda wake, kamodzi pa hafu, kenako ola lotsatira, choncho. Wina akazunguza mivi mothamanga osadikira kuti ilire, kapena sipuling'i ya belu ikatha mphamvu mivi ikuyendabe, ziwirizi zimasiyana. Kuti zigwirizanenso, nyamulani kachitsulo kogonera kaja pang'ono n'kukasiya, ilira, bwerezani mpaka kulira kufanane ndi ola lomwe langodutsa. Njira ina, ikalira ka 7 gwirani muvi waufupi cha kutsinde n'kuusuntha pang'onopang'ono kufika pa 7, umatsetsereka wokha, kenako muyendetse muvi wautali kupita kutsogolo mukuima pa 6 ndi pa 12 paliponse kuti imalize kulira. Muvi wautali osaubweza m'mbuyo kudutsa pa 12 kapena pa 6. Nkhope yoyerayo ndi enamelo wowotchera pa mkuwa, imagamphuka ikapanikizidwa, makamaka m'mphepete mwa mabowo a kiyi, ndiye kiyi akhale wokwana bwino osati wogwedera. Bowo la kumanja kawirikawiri ndi la nthawi, la kumanzere la belu, muziwayinda onse awiri kamodzi pa sabata tsiku lomwelomwelo, pang'onopang'ono mpaka mumve kuti yalimba. Ikamathamanga kapena kuchedwa gwiritsani kumapeto kwakung'ono kwa kiyi pa kamutu ka pamwamba pa 12 kaja, A ndi kuthamangitsa, R ndi kuchedwetsa, pang'ono pokha n'kudikira tsiku. Ikamaphonya mphindi ziwiri zitatu pa sabata ndi bwinobwino, si foni iyi.

Nanga zakuda zija? Zambiri ndi utsi wa malasha, makandulo ndi fodya wa zaka zoposa 100, ndipo pansi pake golide amakhala ali bwino kuposa momwe mukuganizira. Inu chimene mungachite ndi kupukuta fumbi ndi burashi yofewa youma, ija yodzolera paudala ili bwino ngati ili yatsopano. Nsalu imakola m'timasamba n'kuthyola. Amisiri osamala zinthu zakale amamasula thupilo zidutswazidutswa, chifukwa limakhala lomangidwa ndi manati m'kati, n'kutsuka chilichonse pachokha ndi thonje ndi madzi osungunula a sopo wofatsa, n'kuumitsa bwino. Kutsuka chili chomanga madzi amatsalira m'malumikiziro ndipo pakapita miyezi mumatuluka zobiriwira. Mwala woyerawo ndi marble, umadyeka ndi chilichonse chowawasa. Poinyamula gwirani kunsi ndi manja awiri, osati pa mutu wa mzimayiyo.

Mtengo sindingautchule ndisanaione, koma chithunzi chake chili chonchi. Ya zinki ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 si yosowa, pa okushoni imapita motsika, nthawi zina ndalama yokonzetsera imaposa mtengo wa wotchiyo. Ya bronze yeniyeni ya nthawi yomweyo, golide wake ali bwino, makina ake enieni, imakwera ndithu, ndipo ikakhala ndi anzake awiri a m'mbali, zoikapo makandulo kapena mitsuko, imakweranso. Za masauzande ambirimbiri ndi zija za nthawi ya Louis XVI ndi Napoleon woyamba. Ngati mukufuna kuphunzitsa maso anu, tsiku lina muli ku London lowani ku nyumba yoonetsera zinthu zakale ya Wallace Collection, kulowa ndi kwaulere, mukaone golide wa pamoto momwe amakhalira pa ntchito ya amisiri enieni, mukabwerako yanuyo mudzaiona ndi maso ena. Malo ambiri ochititsa okushoni amayerekezera mtengo kwaulere mukawatumizira zithunzi, jambulani kutsogolo, kumbuyo belu litachotsedwa, chidindo, manambala ndi kunsi.

Mwayi wanu, British Horological Institute, bungwe la akatswiri a mawotchi, ili ku Upton Hall kufupi ndi Newark, dera lanu lomwelo, ndipo ali ndi mndandanda wa amisiri ovomerezeka. Pitani kwa mmodzi ngati mwayesa za phokoso zija koma ikuimabe, ngati kiyi akungozungulira osagwira kapena munamva kuti phwa powayinda, ngati belu likulira osasiya, kapena mukuona zobiriwira zofumbutuka pa bronze. Muuzeni akuuzeni mtengo asanayambe, asapake golide watsopano kapena vanishi musanagwirizane, ndipo chilichonse chimene wachotsa akubwezereni. Wina akakuuzani kuti tingochotsa makina akalewa tiikemo a batire, tengani katundu wanu muzipita.

Za ku Zomba zitheka, koma ikonzetseni konkuno musananyamuke, chifukwa okonza mawotchi ambiri kwathu anazolowera za batire ndi za pamkono, zipangizo za makina ngati awa n'zovuta kuzipeza. Ponyamula masulani kanati ka belu, chotsani belu, kolowolani pendulamu muikulunge payokha pamodzi ndi kiyi, ikatsala m'kati imathyola kachitsulo kopyapyala kaja ndi kumenya magiya njira yonse. Kulungani ndi pepala lofewa kaye kenako pulasitiki ya timatuza ta mpweya ija, pulasitiki isagone pa golide mwachindunji, ndipo ngati kulemera kukulola ikhale m'chikwama cha m'manja osati mu sutikesi yoponyedwa. Lisiti lake sungani, pabwalo la ndege angafunse. Anzanu amene ali ndi mawotchi a magalasi mbali zonse, aja pendulamu yake ili ndi timabotolo tiwiri ta mercury, amenewo mu ndege saloledwa, afunse kaye. Mukafika, isakhale pafupi ndi khitchini ya nkhuni kapena pa windo, fumbi la October ndi chinyezi cha dzinja la ku Zomba zonse ndi adani ake, kabati ya galasi yotsekeka ndiye malo ake. Mugulirenso konkuno kiyi wapadera ndi tizitsulo topyapyala tiwiri tolendewetsera pendulamu ta saizi yake, mmisiri amene akukonzereniyo akuyezerani.